Kodi Magetsi a Dzuwa Abweza Ndalama Zache? Nkhani ya Anthu a Nyumba Zoyenda

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za magetsi a dzuwa, amene ambiri awatcha sola. Tidziwa kuti m'mabanja ambiri nkhani imeneyi iri pakamwa nyengo ya kukolola ikafika. Fodya, soya kapena mtedza zikagulidwa, bambo afuna sola, mai afuna malata kapena feteleza, ana afuna fizi, ndipo ndalama ndi yomweyo imodzi. Tsono funso liri apa: kodi chinthu chimenechi chidzabweza ndalama zimene chadya? Kuti tiyankhe bwino, tiyamba takutengerani kutali, ku dziko la America, kumene kuli anthu amene alimbana nalo funso lomweli kwa zaka zambiri, naphunzira kuliwerengera mosamala.

Nyumba zoyenda pa matayala

Ku America, ku Europe ndi ku Australia kuli magalimoto ena opangidwa ngati nyumba, amene eni ache awatcha motorhome. M'kati mwache muli kama, tebulo, pophikira, kabafa, kachimbudzi, thanki ya madzi, nyali ndi firiji. Ndipo munthu akatopa ndi kuyendetsa angoima pa malo abwino, natseka makatani, nagona pomwepo. Kampani ya Winnebago, ya ku Forest City m'chigawo cha Iowa, inatulutsa galimoto yache yoyamba ya mtundu umenewu m'chaka cha 1966, ndipo lero zambiri za nyumba zoyendazi zipangidwa pafupi ndi mzinda wa Elkhart ku Indiana. M'chaka cha 2021 chokha mafakitale anatulutsa zoposa 600,000, kuwerengera pamodzi zoyenda zokha ndi zokokedwa ngati ngolo, ndipo mabanja oposa 11 miliyoni a ku America anali nayo yao.

Musayese kuti onse okhala nazo ndi olemera ai. Ambiri ndi opeza bwino ndithu, amene atuluka nayo masabata awiri kapena atatu pa chaka kukapumula ku nyanja kapena ku mapiri, nabwerera ku nyumba yao ya njerwa. Koma alipo ena, makamaka okalamba, amene galimotoyo ndiyo nyumba yao yokhayo. Chuma cha America chitagwedezeka m'chaka cha 2008, anthu ambiri analandidwa nyumba chifukwa cha ngongole, ndipo ena anaona kuti ndalama ya ukalamba siikwana lendi. Mai wina wolemba nkhani, Jessica Bruder, anayenda nao anthu amenewa, nalemba za moyo wao m'buku lotchedwa Nomadland, lotuluka mu 2017. Kanema wochokera m'bukumo analandira mphotho ya Oscar mu 2021. Kwa anthu otere dola iriyonse iri ndi nchito yache, monga momwe kwacha iriyonse iri ndi nchito yache kwa inu.

Tsono munthu wa nyumba yoyenda, dzuwa likapendeka, ali ndi njira ziwiri. Akhoza kulowa m'malo olipira, m'mene muli mizati ya magetsi ndi mipope ya madzi, nalumikiza waya wache ku mzati, nalipira usiku uliwonse. Kapena akhoza kupita ku tchire, ku malo a boma kumene kulibe waya ngakhale umodzi, nagona kwaulere kapena pa mtengo wochepa. M'chipululu cha Arizona muli katauni kotchedwa Quartzsite, ka anthu osafika 4,000. Koma miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene kuno kuli dzinja ndipo kumpoto kwa America kwazizira koopsa, kufika alendo mazana a zikwi ndi nyumba zao zoyenda. Pa malo ambiri a boma munthu aloledwa kukhala masiku 14 osalipira kanthu. Pa malo ena otchedwa La Posa akhoza kukhala kuyambira pa 15 Sepitembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo m'nyengo ya 2023 kulowa 2024 chilolezo cha miyezi 7 yonseyo chinali madola 180. Kumeneko ndiko kumene funso la sola likhala funso la tsiku ndi tsiku, pakuti wopanda magetsi ache agona mumdima, ndipo ndiwo zache ziola m'firiji.

M'mene dzuwa lisandukira magetsi

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'chaka cha 1839 mnyamata wa ku France wa zaka 19, Edmond Becquerel, anaona kuti kuwala kukagwa pa zitsulo zina zomizidwa m'madzi a mankhwala, pabadwa timagetsi pang'ono. Panapita zaka zoposa zana chinthucho chiribe nchito yeniyeni, kufikira mu 1954, pamene amuna atatu a ku Bell Laboratories ku America, Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson, anapanga kambale ka silikoni, chinthu chotengedwa ku mchenga, kamene kanatha kusandutsa magetsi magawo 6 mwa magawo 100 a kuwala kogwa pa iko. Mu 1958 timbale totere tinakwera kumwamba pa chombo chotchedwa Vanguard 1. Masiku amenewo mtengo wache unali wa maboma okha. Mu 1977 wati imodzi inali kugulidwa pafupifupi madola 76. Koma pofika 2020, pogula mopikula, inali itatsika pansi pa theka la dola. Kutsika kumeneku ndiko kwafikitsa sola pa denga la galimoto ku Arizona ndi pa denga la udzu kwathu kuno.

Zipangizo zache ziri zinai, ndipo kuti muzimvetse, ganizani za munthu wotchera madzi a mvula. Panelo, mbale yakuda ija ya galasi, iri ngati denga la malata limene lilandira mvula. Batire liri ngati mbiya yosungiramo madziwo, kuti mudzamwe mvula italeka. Pakati pa ziwirizi pali kabokosi kotchedwa regulator, kamene kali ngati munthu woyang'anira mbiya: ikadzaza atseka, ndipo ikatsala pang'ono kuuma aletsa otunga. Chachinai ndi inverter, imene isandutsa magetsi a batire, a mavolti 12, kukhala magetsi a mphamvu ngati a m'nyumba za m'tauni. Ndipo iyonso idya gawo lache pogwira nchitoyo.

Pali miyeso iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. Wati ndiwo muyeso wa kukula kwa mtsinje, ndiko kunena mphamvu imene ituluka kapena kudyedwa pa nthawi imodzi. Koma muyeso umene amisiri aulemba Wh ndiwo wa ndowa zimene zatungidwa: wati imodzi ikagwira nchito ola lathunthu, ndiyo Wh imodzi. Nyali ya mawati 4 ikayaka maola 5 yadya Wh 20. Yuniti imodzi imene anthu a m'tauni agula ku ESCOM ndiyo Wh 1,000. Amene wagwira bwino miyeso iwiriyi sanyengedwa msanga ndi wogulitsa.

Kuwerengera kwa munthu wanzeru

Wa nyumba yoyenda amene adziwa chimene achita sayamba ndi kufunsa mtengo wa panelo. Ayamba ndi kulemba zonse zimene zidya magetsi m'nyumba mwache. Tiyerekeze bambo ndi mai okalamba ali m'chipululu muja. Nyali zinai za mawati 4 kwa maola 5 zidya Wh 80. Firiji yaing'ono, usana ndi usiku, idya monga Wh 500. Mafoni awiri Wh 30. Kanema wa mawati 40 kwa maola 3 Wh 120. Pampu ya madzi ndi fani Wh 70. Zonse pamodzi ndi Wh 800 pa tsiku.

Nanga panelo ipatsa zingati? Nambala yolembedwa kumbuyo kwache, monga mawati 100, ndiyo imene ituluka dzuwa liri paliwombo, kumwamba kuli mbee, ndipo galasi lisanatenthe kupitirira madigiri 25. M'mawa ndi madzulo ituluka yochepa. Ndipo galasi likatentha mphamvu itsikanso, pafupifupi magawo 4 mwa 100 pa madigiri 10 alionse oonjezera. Motero amisiri asonkhanitsa kuwala kwa tsiku lonse nakuwerenga monga maola a dzuwa lamphamvu. Ku maiko a dzuwa lambiri maola amenewa akhala ngati 5 pa tsiku labwino. Mawati 100 kwa maola 5 ndi Wh 500; koma pochotsapo zotayika m'mawaya, m'batire ndi chifukwa cha kutentha, zimene zifika ngati gawo limodzi mwa magawo anai, patsala Wh 375. Mapanelo awiri apatsa Wh 750, zimene sizifika pa 800 paja. Choncho banja lija liyenera kugula atatu.

Tsopano tifike pa ndalama. Mitengo isiyana malo ndi malo, chaka ndi chaka, motero manambala awa ndi ongoyerekezera kuti njira ya kuwerengera ioneke. Tinene kuti mapanelo, mabatire, regulator, inverter, mawaya ndi mmisiri zadya madola 1,500, ndipo malo olipira aja atenga madola 40 pa usiku. Usiku uliwonse umene munthu agona ku tchire wapulumutsa madola 40, ndipo akagona masiku 38 ndalama yache yabwerera. Onani tsono m'mene anthu atatu asiyanira, angakhale anagula katundu mmodzimodzi pa mtengo umodzimodzi.

Woyamba ndi uja akonda malo olipira, kumene kuli madzi otentha ndi anansi ocheza nao, ndipo sagona ku tchire konse. Iyeyu sola yache siidzabweza ngakhale dola imodzi, pakuti magetsi awalipira kale pa chipata. Mapanelo angokhala chokometsera denga. Wachiwiri agona ku tchire masiku 10 pa chaka. Iyeyu adzadikira pafupifupi zaka zinai, ndipo mwina mabatire adzayamba kufooka ndalama isanabwerere yonse. Komanso ngati ayendetsa galimoto tsiku ndi tsiku, injini yomwe idzaza batire poyenda, ndipo sola aisowa pang'ono. Wachitatu ndi nkhalamba ija ya ku Quartzsite, imene ikhala m'chipululu miyezi yathunthu galimoto iri chiimire. Kwa iyo ndalama ibwerera mwezi wachiwiri usanathe, ndipo zotsalazo ndi phindu. Tinene zoona, si ndalama yonse yopulumukayo imene tingaiike pa dzina la sola, popeza wa ku tchire ayenera kukagulabe madzi ndi kulipira potayira zonyansa. Koma mutu wa nkhani suli wobisika. Chimene chilamula ngati sola ibweza ndalama si ubwino wa panelo, koma kuchuluka kwa masiku amene munthu akhala kutali ndi waya.

Pali njira ina imene ena asankha, ndiyo jenereta. Pogula itsika mtengo, ndipo igwira nchito usiku ndi pa mitambo pomwe. Koma yaing'ono yomwe imwa petulo pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, ndipo ludzu lache silitha chaka ndi chaka. Ifuna oilo ndi kukonzedwa. Phokoso lache lidanitsa munthu ndi anansi, kotero kuti m'malo ambiri osungira zachilengedwe aika maola oiyatsira. Choopsa koposa ndi utsi wache, umene uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo, wofanana ndi uja wa mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Anthu amwalira nao ali m'tulo. Panelo ilibe phokoso, ilibe utsi, ndipo siipempha kanthu tsiku ndi tsiku.

Zimene sola siitha

Walira mvula walira matope; nayonso sola iri ndi mabvuto ache, ndipo ambiri okhumudwa nayo ndi amene anaiyembekezera zimene siingathe. Chirichonse chotenthetsa kapena choziziritsa nyumba chidya magetsi koopsa. Makina oziziritsa mpweya a pa denga la nyumba yoyenda adya ngati mawati 1,500. Akagwira nchito maola 5 adya Wh 7,500, ndiyo nchito ya mapanelo 20 a mawati 100, ndipo denga la galimoto silingawanyamule. Ketulo ya magetsi, simbi ndi mbaula ya magetsi ziri m'gulu lomwelo, chirichonse chifika kapena kupitirira mawati 1,000. Chifukwa chache anthu a nyumba zoyenda aphika ndi gasi, ndipo kukatentha asamukira ku mapiri.

Bvuto lachiwiri ndi mthunzi. Timbale ta m'panelo tilumikizana m'mzere ngati anthu opatsirana njerwa; mmodzi akaima, mzere wonse uchedwa. Motero mthunzi wa nthambi imodzi, kapena tsamba lomatirira pa galasi, uchotsa mphamvu yoposa kukula kwache. Apa mwini galimoto agwa m'chinyezi cha maganizo: akaimika pansi pa mtengo, m'nyumba muzizira bwino koma batire silidzaza, akaimika pa dzuwa, batire lidzaza koma m'nyumba mutentha ngati mu uvuni. Ena athana nazo pogula panelo yopinda, ya waya wautali, imene aiyala pa dzuwa galimoto iri pa mthunzi.

Bvuto lachitatu ndi nyengo. Ku Britain, mwezi wa Disembala, kuwala kwa tsiku lonse sikufika ngakhale ola limodzi la dzuwa lamphamvu, ndipo mapanelo atatu aja sangapatse ngakhale Wh 300. Katundu yemweyo amene akwanira ku Arizona aperewera ku London. Wanzeru awerengera mwezi woipitsitsa umene adzafune magetsi, osati mwezi wokoma.

Ndalama ithera m'batire

Panelo yabwino ya galasi ikhala zaka zambiri. Opanga odziwika alonjeza zaka 25, ndipo mphamvu yache itsika pang'ono pokha, ngati theka la gawo limodzi mwa 100 pa chaka. Chimene chifa msanga ndi batire, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri aiwala kuwerengera. Batire la mtobvu ndi asidi, limene Gaston Planté wa ku France analitulukira mu 1859, liri ndi lamulo lache: musalitunge kupitirira theka. Lolembedwa 100 Ah pa mavolti 12 lisunga Wh 1,200, koma zanu ndi 600 zokha. Mukamalikhuthula lonse usiku ndi usiku, lidzafa chaka chisanathe. Losamalidwa bwino lipirira kudzazidwa ndi kutungidwa kokwana mazana angapo. Batire la lithiamu la mtundu wolembedwa LiFePO4 likwera mtengo pogula, koma lilola kutungidwa pafupifupi lonse, lipirira kokwana zikwi zingapo, ndipo kulemera kwache sikufika theka la linzache. Chokhacho silifuna kudzazidwa pa kuzizira koumitsa madzi. Banja lathu lija, pofuna kusunga magetsi a masiku awiri, ndiwo Wh 1,600, lifunika mabatire atatu a mtobvu kapena awiri a lithiamu. Amene akhala ku tchire chaka chonse aona kuti lokwera mtengo lija ndilo lotsika mtengo pa mapeto. Koma wotuluka masiku owerengeka sapindula nalo kwenikweni.

Nanga kwathu kuno?

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a m'mudzi, amene tiribe ngakhale ngolo, nkhani ya magalimoto a ku America itikhudza bwanji? Itikhudza chifukwa zipangizo zinai zimene ziri pa galimoto ku Arizona ndi zomwezo zimene zigulitsidwa m'misika yathu, ndipo masamu ache ndi omwewo. Pa kalembera wa mu 2018 kunapezeka kuti m'Malawi nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zirizonse zinali kuunikira ndi magetsi a waya, ndipo zoposa theka zinali kudalira matochi a mabatire. Boma ndi makampani amanga minda ya sola yaikulu, monga wa ku Salima wa mamegawati 60 wotsegulidwa mu 2021, ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20 wa mu 2022. Koma magetsi amenewo ayenda m'mawaya, ndipo kumene waya sanafike safikako.

Tsono mwa anthu atatu aja, banja la m'mudzi lifanana ndi wachitatu. Liribe malo olipira oti likalumikizeko waya. Usiku uliwonse wa chaka, masiku 365, liri kutali ndi mzati. Ndipo m'zinthu zina liposa nkhalamba ya ku Quartzsite: nyumba yanu siisuntha, motero mukhoza kusankha malo opanda mthunzi kamodzi kokha, dzuwa la kuno ndi lochuluka miyezi yambiri ya chaka, ndipo zosowa zanu ndi zochepa. Nyali zitatu za mawati 3 kwa maola 5 zidya Wh 45, mafoni awiri Wh 30, wailesi ya mawati 5 kwa maola 5 Wh 25; zonse Wh 100. Panelo ya mawati 50, imene ipatsa ngati Wh 190 pa tsiku labwino, ikwanira ndi kutsalako. Posunga magetsi a masiku atatu a mitambo, ndiwo Wh 300, batire la mtobvu la 50 Ah likwana. Koma tsiku limene mudzaonjeza kanema wa mawati 40 kwa maola 3, chosowa chanu chidzafika Wh 220, ndipo panelo ndi batire zomwe zija zidzachepa. Pamenepo musadzanene kuti sola ndi yabodza.

Kuti mudziwe ngati idzabweza ndalama, chitani monga achitira anzathu aja. Tengani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu lembani ndalama iriyonse imene ipita ku mabatire a tochi ndi a wailesi, ku makandulo, ku parafini ndi ku kutchajitsa foni pa msika. Muchulukitse ndi 12, ndipo mudzaona ndalama imene mdima ukudyerani pa chaka. Ambiri adabwa nayo, pakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo. Kenaka mutenge mtengo wa sola yonse, muonjezepo mtengo wa batire lina limene mudzagula pakapita zaka zingapo, ndipo muone kuti ndi zaka zingati zimene zidzabweza. Ziripo zina zimene sizilowa m'kope koma ziri ndi mtengo wache: mwana wa Sitandade 8 wowerenga usiku maso osawawa, mai wodwala amene aoneka bwino pomusamala pakati pa usiku, ndi nyumba ya udzu imene siidzapsa chifukwa cha kandulo yoiwalika.

Chenjezo kwa ogula

Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. M'misika muli mapanelo olembedwa manambala akulu kuposa mphamvu yao. Njira yowayesera ndi iyi: dzuwa lamphamvu ligwetsa mawati ngati 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo panelo yabwino ya masiku ano igwira ngati magawo 20 mwa 100, ndiwo mawati 200. Motero panelo yoona ya mawati 100 iyenera kukhala ngati mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Mukaona kakang'ono ngati thireyi kolembedwa mawati 150, dziwani kuti cholembedwacho ndi bodza. Batire la mtobvu nalonso muliyese ndi dzanja, pakuti lopepuka modabwitsa liri ndi mtobvu wochepa.

Musagule batire la galimoto kuti likhale la nyumba. Linapangidwira kulizira injini kamphindi, osati kutungidwa usiku wonse, ndipo lidzatha msanga. Musachotse regulator ndi kulumikiza waya molunjika, monga achitira ena pofuna kuonera mpira kufikira kutha; kuteroko ndiko kupha batire ndi manja anu. Pafupi ndi batire pakhale fyuzi, ndipo mawaya akhale onenepa bwino, chifukwa batire, lingakhale la mavolti 12 okha, likhoza kufiiritsa waya ndi kuyatsa denga. Batire la asidi likhale pa malo opita mphepo, kutali ndi moto ndi ana. Likafuna madzi mulithire madzi a batire ogula, osati a pa chitsime. Ndipo likafa musaliswe kapena kulitaya ku dzala, pakuti mtobvu ndi poizoni woononga ubongo wa ana, koma mulibweze kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale.

Popeza ife tiri kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, panelo yathu iyang'ane kumpoto, yopendeka pang'ono ngati madigiri 15, kuti mvula idzitsuka. Anzathu a ku America aiyang'anitsa kumwera. Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene fumbi ndi utsi wa lupsa zichuluka, muipukute ndi nsalu yofewa ndi madzi m'mawa galasi lisanatenthe. Masiku a mvula ya mbvumbi, ndi a chiperoni kwa inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, chepetsani zoyatsa kuti batire lipume.

Alipo makampani amene apereka sola pa ngongole, munthu nalipira pang'onopang'ono pa foni. Ndipo akaleka kulipira, nyali zizima zokha kufikira atalipira. Njira imeneyi yathandiza mabanja amene sakanatha kupeza ndalama yonse pa kamodzi, ndipo kawirikawiri katundu wache akhala ndi chitsimikizo cha kukonzedwa. Koma safunsa anadya phula. Musanasaine, funsani kuti ndalama yonse pamodzi idzakwana zingati poyerekeza ndi kugula pa kamodzi, chitsimikizo ndi cha zaka zingati, ndipo chikaonongeka mudzapita kwa yani. Koposa zonse dzifunseni ngati mudzatha kulipira mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yapepuka ndipo ndalama iriyonse ifunika ku chimanga.

Mau otsiriza

Yankho lathu tsono ndi ili. Kwa mwini nyumba yoyenda, sola ibweza ndalama ngati akhala masiku ambiri kutali ndi waya, ku dziko la dzuwa, ndipo zosowa zache ndi nyali, firiji ndi zina zazing'ono. Koma ngati agona m'malo olipira, kapena afuna kuziziritsa nyumba ndi kuphikira magetsi, ndalama yache ipita pachabe. Kwa banja la m'mudzi kumene waya sanafike, sola yaing'ono ya nyali, foni ndi wailesi, yogulidwa kwa wogulitsa wokhulupirika ndi kusamalidwa bwino, kawirikawiri ibweza ndalama zache; koma yaikulu yogulira kuti anansi aone, imene idya ndalama ya feteleza ndi ya fizi, idzetsa njala m'nyumba yowala.

Chifukwa chache tikupemphani, atate ndi amai, kuti nkhani imeneyi musaigamule mmodzi yekha pa msika, ndalama iri m'thumba ndipo wogulitsa ali kukometsa mau. Khalani pansi awiri madzulo, muitane mwana wodziwa masamu abwere ndi kope lache, mulembe zimene mufuna kuyatsa ndi maola ache, muwerengere monga taonetsera pamwambapa. Ndipo mukagwirizana, ndipo pamene mupite kukagula. Yambani ndi yaing'ono imene muitha, pakuti panelo yachiwiri mukhoza kudzaonjeza chaka china zokolola zikakhala bwino.